ZA KU AMERICA NDI FETELEZA WOBWERA CHIMANGA CHITAMASULA KALE

Abale anga a m'mudzi muno, ndi inu a m'tauni amene mumawerenga zimene ndimalembazi, lero za mbozi ndi mtengo wa soya tiziike kaye pambali. Pali mawu amene afala chaka chino pachitsime, pachigayo, ngakhale pamaliro penipeni, oti ana athu amene ali ku America atiiwala. Akuti akudya okha ndalama za Kolona. Akuti boma la kumeneko limawapatsa madola ali chigonere, koma kuno ngakhale thumba limodzi la urea osatumiza. Mawu amenewa ndi abodza, ndipo akubaya anthu amene ali kale pamoto. Wolakwa alipo ndithu, koma si mwana amene amayala mabedi m'hotela. Olakwawo ali ku Washington, ndipo ndiwatchula mayina, chifukwa nkhaniyi ndakhala ndikuitsatira pawailesi ndi pafoni kuyambira mwezi wa Malichi 2020.

Mwana wa achemwali anga ali ku Indiana, ambiri mukumudziwa. Ndiye amene wakhala akugula feteleza wa minda itatu ya pabanja pathu zaka zonsezi. Hotela imene amagwirako inatseka mliri utangoyamba, ndipo pano amamuitana masiku awiri kapena atatu pa sabata, mwina osamuitana n'komwe. Chaka chino sanatumize. Ndiye ndikamalankhula za aphungu a ku America musaone ngati ndasowa chochita. Mikangano yawoyo ikuoneka m'munda mwanga, pamizere imene chimanga chayamba chikasu.

Tiyambire poyambira. Kumeneko munthu akachotsedwa ntchito asanalakwe, boma la dera lake limamupatsa kenakake sabata ndi sabata mpaka apeze ina. Si mphatso ayi. Ndalamayo imachokera ku msonkho umene olemba ntchito amapereka pa wantchito aliyense nthawi imene zinthu zili bwino, ngati mmene timasonkhera ku banki m'khonde. Koma kenakakeko n'kochepa, kawirikawiri sikafika theka la malipiro, ndipo dera lililonse lili ndi muyezo wake. Ku Mississippi sungalandire kuposa madola 235 pa sabata, ku Florida 275, pamene ku Massachusetts ena amapitirira 800. Dziko limodzi, mliri umodzi, koma mbale zosiyana.

Mliri utavuta, pa 27 Malichi 2020 Donald Trump anasainira lamulo lotchedwa CARES Act, la ndalama zoposa madola 2 thililiyoni. Ku nyumba ya Senate anavota anthu 96 ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wotsutsa. Gwirani nambala imeneyo, 96 kwa 0, chifukwa ikusonyeza kuti anthuwa akafuna kugwirizana amatha. M'lamulomo anawonjezera madola 600 pa sabata kwa aliyense wochotsedwa ntchito, pamwamba pa za dera lake zija, ndipo analowetsamo ngakhale odzilemba okha ntchito monga oyendetsa Uber, amene kale sankawerengedwa. Chifukwa chake anapereka 600 kwa aliyense mofanana n'choseketsa: makompyuta a m'maofesi a maderawo ndi akalekale, sakanatha kuwerengera munthu aliyense molingana ndi malipiro ake. Ku New Jersey bwanamkubwa anachita kupempha poyera anthu odziwa chinenero chakale cha makompyuta chotchedwa COBOL kuti adzathandize. Dziko lopita kumwezi limenelo, eti.

Ndikudziwa kuti mwayamba kale kuwerengetsa. Inde, mu 2020 madola 600 anali ndalama zoposa K400,000 pa sabata, ndipo kuno munthu akanatha kugula nazo ng'ombe. Koma kumeneko kulibe dimba kuseri kwa nyumba. Kulibe kotola nkhuni, kulibe kothyola chisoso kapena bonongwe, kulibe azakhali okupatsa kambale ka ufa. Lendi ya kanyumba ka chipinda chimodzi imadya madola mazanamazana pamwezi, m'mizinda ina kupitirira 1,000. Ambiri ntchito ikatha inshulansi ya kuchipatala imatheranso pomwepo, pakati pa mliri. M'mwezi wa Epulo wokha ntchito zoposa 20 miliyoni zinatha, ndipo ku San Antonio magalimoto pafupifupi 10,000 anandandalika tsiku limodzi kudikira chakudya chaulere. Munthu ali ndi galimoto koma alibe chophika. Kuno sitingamvetse msanga, koma ndi mmene zilili.

Tsono nayi nkhani imene yandiwawa. Madola 600 aja anali ndi tsiku lothera, 31 Julayi, ndipo tsikulo linalembedwa m'lamulomo kuyambira Malichi. Silinawadzidzimutse. Anali ndi miyezi inayi yathunthu. Mlimi aliyense amadziwa kuti mvula ya Novembala sidikira kuti umalize kukangana ndi mlamu wako za malire a munda. Umagalauza mizere dzuwa likadali phwee, zokanganazo muzikamalizira kwa amfumu mbewu ili m'nthaka. Iwowa anachita zosiyana.

A chipani cha Democrat, motsogozedwa ndi mayi Nancy Pelosi, anadutsitsa bilu yawo pa 15 Meyi m'nyumba imene anali ambiri. Inali ya madola 3 thililiyoni ndipo inkapititsa 600 uja mpaka Januwale. Mkulu wa a Republican ku Senate panthawiyo, Mitch McConnell, anati tiyeni tiime kaye tione. Anaimadi. Meyi anatha, Juni anatha, ndipo bilu ya chipani chake anaitulutsa pa 27 Julayi, kutatsala masiku anayi. Inali ya 1 thililiyoni, ndipo 600 anamudula kufika pa 200. M'menemo anapezanso malo oikamo ndalama zoposa biliyoni imodzi ndi theka zomangira likulu latsopano la FBI. Anthu akuwerenga masiku oti landilodi agogode, ena akuganiza za nyumba ya apolisi.

Pa 31 Julayi mpopi unatsekedwa kwa anthu oposa 25 miliyoni. Anthu amenewo ndi ochuluka kuposa Amalawi tonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, kuphatikizapo makanda.

Wina asaganize kuti ndikuikira kumbuyo a Democrat. Nawonso ali ndi mlandu wawo ndipo si waung'ono. A Republican atapempha kuti awonjezere sabata imodzi pamene akukambirana, iwo anakana, akuti n'zachiphamaso. Mwina zinalidi zachiphamaso, koma madola 600 achiphamaso amagula chakudya chofanana ndi madola 600 ochokera pansi pa mtima. Mu Okutobala nduna ya zachuma Steven Mnuchin inafika pa 1.8 thililiyoni, mayi Pelosi anaumirira 2.2. Kusiyana kunali kochepa poyerekeza ndi kumene anachokera, koma chisankho chinali pa 3 Novembala, ndipo aliyense ankaona kuti palibe amene akufuna kuti mnzake akaime pamsonkhano n'kunena kuti ndalama zija ndabweretsa ndine. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anakana 1.8 mu Okutobala, mu Disembala alandira theka lake. Ena amati ngakhale akanavomera, McConnell sakanailola ku Senate, ndipo n'kutheka ndithu. Ndiye bwanji osavomera kuti dziko lonse lione amene akutsekereza? Sanafune kuyesa. Onse anasankha kusunga nkhaniyo kuti ikhale chibonga cha pachisankho.

Trump yekha ndiye anali ngati mphepo ya mwera. Zokambirana zitasokonekera pa 7 Ogasiti, mawa lake anasainira chikalata ali ku bwalo lake la gofu ku Bedminster, kutenga madola 44 biliyoni m'thumba la ngozi zogwa mwadzidzidzi, lija amathandizira anthu mphepo yamkuntho ikaononga. Anthu analandirako 300 pa sabata kwa masabata sikisi okha, thumbalo n'kuuma. Kufolera nyumba yako ndi udzu wosolola padenga la nkhokwe. Pa 6 Okutobala analemba pa Twitter kuti zokambirana ziime mpaka chisankho chidutse. Patangopita masiku owerengeka anatembenuka, akuti akufuna ndalama zambiri kuposa zimene a Democrat akupempha. Nanga anthu ake omwe akanadziwa bwanji choti akanene pathebulo?

Chimene a Republican ambiri ankakanira ndicho chimene ndikufuna tichikhalire pansi, chifukwa nafenso timachimva kuno. Amati ukamupatsa munthu ndalama zambiri ali pakhomo, sadzafunanso ntchito. Senator Lindsey Graham anachita kulumbira kuti 600 ameneyu apitirira pokhapokha iwo atafa. Ndisabise, mfundo yawo ili ndi poyambira: ofufuza a ku yunivesite ya Chicago anapeza kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse ankalandira zambiri kuposa malipiro awo akale. Koma taganizani chimene nambala imeneyo ikuulula. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma lalikulu kumeneko ndi madola 7.25 pa ola, ndipo sanasinthe chiyambire 2009. Munthu wogwira maola 40 pa mtengo umenewo amapeza 290 pa sabata. Ngati thandizo la pangozi laposa malipiro, chamanyazi ndi malipirowo. Ndikamulipira waganyu kambale ka madeya tsiku lonse, mpingo n'kudzagawa ufa, iye n'kusiya kubwera kwa ine, sindingapite kwa abusa kukadandaula kuti mwandionongera wantchito.

Komanso ntchito yake anakaipeza kuti? Hotela inali itatsekedwa, malo odyera atatsekedwa, ndege zitaima. Ndi boma lomwelo limene linauza anthu kuti khalani m'nyumba. Lamulo lake limanenanso kuti abwana akakuitana iwe n'kukana popanda chifukwa chomveka, thandizo limaduka. A ku yunivesite ya Yale atafufuza sanapeze umboni woti 600 uja ankaletsa anthu kubwerera kuntchito. Ulesi umene ankauopawo unali m'mitu mwawo.

Ndipo onani amene amatchedwa aulesi ndi amene satchedwa. Makampani a ndege anapatsidwa madola 25 biliyoni m'lamulo la mu Malichi lija. Alimi anzathu a kumeneko, aja amalima ndi mathirakitala minda yosaoneka polekezera, boma linawapatsa mabiliyoni mu Meyi, n'kuwawonjezeranso ena mu Sepitembala, mwezi womwewo umene wochotsedwa ntchito anasiya kulandira ngakhale 300 uja. Sindikuwachitira nsanje. Anataya mkaka pansi, ena anakwirira ndiwo zamasamba m'munda chifukwa chosowa msika, ndipo mlimi aliyense akudziwa kuwawa kwake. Koma sindinamve phungu ndi mmodzi yemwe akudera nkhawa kuti mlimi wa ku Iowa akalandira cheke asiya kudzuka m'mamawa. Nkhawa ya ulesi imangobwera ndalama ikamapita kwa wotsuka mbale. Kunonso ndi chimodzimodzi. Inu a m'tauni, pepani, koma ena mwa inu mumalemba pa Facebook pompano kuti feteleza wotsika mtengo ndi Mtukula Pakhomo zikutipangitsa ulesi anthu a kumudzi, kwinaku mukusainira alawansi ya msonkhano wa ku Mangochi umene munangokagonako. Tidzakambirana tsiku lina zimenezo.

Mukufuna kudziwa ngati nyumba ya Senate imatha kuthamanga? Woweruza wa khoti lalikulu, mayi Ruth Bader Ginsburg, anamwalira pa 18 Sepitembala. Pa 26 Sepitembala Trump anatchula Amy Coney Barrett kuti alowe m'malo. Pa 26 Okutobala Senate inali itamuvomereza kale. Mwezi umodzi, mpando wadzaza. Anthu omwewo, McConnell yemweyo, amene pa nkhani ya chakudya cha anthu mamiliyoni anapita kutchuthi pakati pa Ogasiti osagwirizana kanthu. Phungu wa kumeneko amalandira madola 174,000 pachaka, ndipo sipanakhale mwezi umene malipiro ake anachedwa chifukwa choti zokambirana zikupitirira. Akanati malipiro a aphungu nawo aima pa 31 Julayi mpaka agwirizane, ndikukuuzani, pofika pa 2 Ogasiti bilu ikanakhala itasainidwa.

Kenako akuti anagwirizana. Pa 21 Disembala anadutsitsa bilu ya madola pafupifupi 900 biliyoni, yomangidwa pamodzi ndi bajeti ya boma, chimtokoma cha masamba oposa 5,000 chimene aphungu anavotera patangopita maola ochepa chiperekedwere. Ndani anawerenga? Munali 300 pa sabata, theka la poyamba paja, kwa masabata 11. Munalinso kamfundo kolola mabwana a makampani kuchotsera pamsonkho ndalama zonse zimene adyera m'malesitilanti ndi anzawo a bizinesi. Kameneko sikanaiwalike. Ndiye Trump, amene nduna yake yomwe inali nawo pokambirana, anadzuka n'kunena kuti biluyo ndi yochititsa manyazi, akufuna cheke cha 2,000 kwa munthu aliyense m'malo mwa 600. Ananyamuka kupita ku Florida kukasewera gofu, pepala lili chikhalire. Loweruka pa 26, tsiku lotsatira Khirisimasi, thandizo la anthu mamiliyoni ena linatha. Anasainira Lamlungu pa 27, bilu yomweyo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Pawailesi anati thandizo lafika. Ine ndikuti funsani mlimi tanthauzo la kufika. Urea ali ndi nthawi yake, chimanga chikafika m'mawondo, masabata atatu kapena anayi chimerere. Ukathira chitamasula kale ngaiyaye, thumba ndi lomwelo, kulemera kwake ndi komweko, mtengo ndi womwewo, koma wangodyetsa udzu. Amene wakupatsa adzalemba m'buku kuti mlimi uyu analandira. Nkhokwe ndiyo idzanene zoona mu Meyi.

Thandizo la munthu wopanda ntchito n'chimodzimodzi. Kuchokera kumayambiriro a Sepitembala mpaka pa 26 Disembala panadutsa masabata 16 opanda chowonjezera chilichonse, ndipo lamulo la mu Disembala lija silinabweze ngakhale sabata imodzi ya m'mbuyomo. Kodi m'masabata 16 munthu amangokhala chiimire kudikira? Ifeyo timadziwa zimene zimachitika mu Febuluwale ufa ukatha. Umayamba ndi nkhuku, kenako mbuzi, kenako njinga, kenako umapita kwa wakatapila, pomaliza umagulitsa chimanga chikadali m'munda pamtengo wa misozi. Chimanga cha boma chikadzafika mu Epulo, mbuzi ija sibwerera. Kumeneko mbuzi yawo ndi galimoto yopitira kuntchito, ndipo katapila wawo ndi khadi la ngongole. Boma linaletsa kutulutsa anthu m'nyumba kuyambira Sepitembala, koma silinakhululukire lendi, inkangounjikana ngati ngongole ya pagolosale. Ofufuza a ku yunivesite ya Columbia anawerengera kuti anthu pafupifupi 8 miliyoni anagwa mu umphawi pakati pa Meyi ndi Sepitembala. Amenewo sakanadzuka chifukwa choti 300 anayambanso.

N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati andalewo analephera kupanga chiganizo. Kusagwirizana pa 31 Julayi kunali chiganizo. Tsiku limenelo anagamula kuti woyala mabedi alandire zero, ndipo anagamulanso chimodzimodzi sabata iliyonse mpaka Khirisimasi. Kungoti chigamulo chotere sichikhala ndi siginecha ya munthu, ndiye aliyense amaloza mnzake. Ndipo pali ena amene sanalandire ngakhale 600 woyamba uja: amene alibe mapepala. Tisanamizane, ena mwa ana athu ali m'gulu limenelo, ndipo sangakuuzeni pafoni. Iwowo kuyambira Malichi 2020 ankadalira anzawo a kutchalitchi, kapena kugwira ntchito zosamalira okalamba, kumene matendawa anapha anthu ochuluka zedi m'dziko limene maliro a Kolona anapitirira 300,000 mu Disembala 2020.

Inu a ku Ndirande, ku Mtandire ndi ku Chibavi musaseke kwambiri Amereka. Mu Epulo 2020, khoti litaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 uja chifukwa panalibe dongosolo la mmene osauka adyere, tinalonjezedwa kuti mabanja a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi. Kenako kunabwera kampeni, chisankho cha pa 23 Juni, boma linasintha. Achibale anga a m'tauni amene analembedwa mayina akuti mpaka kumapeto kwa 2020 foni inali isanalire. Kuno kulibe n'komwe thumba la munthu wochotsedwa ntchito. Ofesi yake ndi ifeyo: basi ya ku mudzi, mphasa kwa agogo, ndi nkhokwe imene inayezedwa kuti idyetse anthu asanu koma pano ikudyetsa asanu ndi anayi. Sitidandaula, mwana ndi mwana. Koma nkhokwe yomweyo imadzazidwa ndi feteleza, ndipo m'mabanja ambiri feteleza amagulidwa ndi mwana amene ali kunja.

Choncho amene muli ndi mwana kumeneko, mukamuimbira sabata ino muyambe mwamufunsa ngati lendi walipira, musanatchule za thumba. Ine ndagawa urea amene ndinapeza pa mtengo wa mu 2020 wa K4,495 uja kuti akwane munda wakumtunda, minda iwiri yakumunsi ndathiramo manyowa a khola ndipo ndiona mmene zithere. Madola 300 a m'lamulo la mu Disembala lija ankayenera kutha pa 14 Malichi 2021. Tsikulo linalembedweratu, ngati mmene linalembedwera la 31 Julayi. Pa 5 Januwale 2021 ku Georgia kunali chisankho cha mipando iwiri chogamula ngati McConnell apitirize kulamula Senate, ndipo pa 20 Joe Biden analowa m'boma. Kumapeto kwa Disembala 2020 anali akukanganabe za cheke cha 2,000 chija.